FUPA LOPEZEKA KUTHENGO NDI MBONI: LISIYENI POMWEPO

Mwezi wa Okutobala ukafika, moto wa lupsa utatha kupyola m'thengo, nthaka imatsala pambalambanda, ndipo zambiri zimene udzu unazibisa caka cathunthu zimaonekera poyera. Iyi ndiyo nyengonso imene khasu ndi piki sizipuma m'midzi mwathu. Ena akusosa m'minda, ena akuswa mphanje, ena akukumba dothi loumbira njerwa, pamene ena akufulumira kutsiriza zimbudzi ndi zitsime mvula isanagwe. Mvulayo ikadza nayonso imakumba mbali yace: madzi amang'amba zigwembe m'minda ndipo mitsinje imagumula magombe ace.

Cifukwa ca ici, si cacilendo kuti mlimi, mnyamata woweta ng'ombe, kaya mai wokatola nkhuni, apeze mafupa pamalo pamene sanali kuyembekezera. Kawirikawiri mafupawo amakhala a mbuzi, a ng'ombe kapena a nyama ya kuthengo imene inafa kalekale. Koma nthawi zina amakhala a munthu. Munthuyo angakhale mmodzi wa makolo amene anagona m'manda oiwalika, angakhale nkhalamba imene inasocera abale ace naifunafuna osaipeza, angakhalenso munthu amene anaphedwa ndi kutaidwa ndi anthu aciwembu.

Munthu akadzidzimuka ndi zoterezi amacita cimodzi mwa zinthu zitatu. Wina amathawa, nakhala cete ngati sanaone kanthu. Wina amakwirira msangamsanga ndi kupitiriza nchito yace. Wina amatola cigaza kapena fupa lalikulu, napita nalo kumudzi kukaonetsa anzace. Njira zonse zitatuzi n'zolakwika. Si udindo wa wopeza mafupa kugamula kuti ndi a yani. Udindo wace ndi umodzi cabe: kuwasiya monga momwe wawapezera ndi kukanena kwa oyenera.

MALO NAWO AMALANKHULA

Fupa lili ngati mboni ya pabwalo la milandu, koma mboni imeneyi imalankhula bwino ikakhala pamalo pace. Apolisi ndi madokotala a Boma oyesa mitembo sayang'ana fupa lokha ai. Amayang'ana kuya kwa dzenje, kagonedwe ka mafupa, kumene mutu waloza, dothi limene lawakuta, ndi tinthu tonse topezeka pambali pace, monga batani, ndalama yacitsulo, mkanda, cingwe kapena cipolopolo. Mtembo woikidwa mwaulemu ndi adzukulu umagona mosiyana ndi mtembo woponyedwa m'dzenje usiku mothamanga. Mafupa amene fisi wamwaza saoneka cimodzimodzi ndi amene madzi akokolola. Umboni wonsewu umafafanizika munthu akangonyamula fupa limodzi, kapena khamu la odzaonerera likapondaponda pamalopo.

Mafupawo akatengedwa mwa dongosolo amanena zambiri. Mafupa a m'ciuno amasonyeza ngati mwini wace anali mwamuna kapena mkazi, pakuti a mkazi ndi otambasuka cifukwa ca ubereki. Mano ndi nsonga za mafupa zimasonyeza ngati anali mwana, wacinyamata kapena wokalamba. Fupa la nchafu limathandiza kudziwa kutalika kwace. Fupa limene linathyoka ndi kulumikizika munthu ali moyo limasunga cipsera cace mpaka kalekale, ndipo cipseraco cingakumbutse banja lina za m'bale wao amene anagwa mu mtengo wa mango ali mwana. Masiku ano akatswiri amathanso kutenga DNA m'dzino kapena m'fupa ndi kuiyerekeza ndi ya abale amoyo. Motero banja limene lakhala zaka osadziwa ngati lilire maliro kapena lidikire lingalandire yankho, malinga ngati wopeza mafupa sanasokoneze malowo.

KUSIYANITSA FUPA LA MUNTHU NDI LA NYAMA

Palibe cifukwa coyendera mtunda wautali kupita ku polisi cifukwa ca nthiti za mbuzi imene inadyedwa pa Khirisimasi. Conco ndi bwino kudziwa zizindikiro zingapo zimene munthu angazione ndi maso okha, ataimirira kapena kunjuta pambali, osagwira kanthu.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 ndi mano 32, koma kuthengo sizipezeka zonse pamodzi. Cosabvuta kuzindikira ndi cigaza. Ca munthu ndi cobulungira ndi cacikulu poyerekeza ndi nkhope yace, nkhopeyo ndi yaphwatalala, ndipo mabowo a maso onse awiri amayang'ana kutsogolo. Ca ng'ombe, mbuzi kapena gwape ndi cacitali, mabowo a maso ali m'mbali, ndipo kawirikawiri pamakhala nyanga kapena zitsa zace. Bowo limene msana umalumikizira ku mutu lili pansi pa cigaza ca munthu, capakati, cifukwa munthu amayenda woongoka. Pa nyama ya miyendo inai bowolo lili kumbuyo.

Nsagwada nayo siinama. Munthu yekha ndiye ali ndi cibwano coturukira kutsogolo, ndipo mano ace amandandalikana mokhota ngati uta, popanda mpata waukulu pakati pao. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nyama zonse zobzikula zilibe mano akutsogolo ku nsagwada ya kumwamba, ndipo pakati pa mano akutsogolo a m'munsi ndi mano otafunira pali mpata wautali. Galu ndi fisi ali ndi mano osongoka ong'ambira nyama. Nyani, amene cigaza cace cimaopsa anthu ambiri cifukwa maso ace amayang'ananso kutsogolo, ali ndi kamwa lalitali ngati la galu, ndipo wamphongo ali ndi mano aatali osongoka amene munthu alibe.

Ngati mutu palibe, yang'anani ciuno ndi miyendo. Mafupa a m'ciuno mwa munthu ndi afupi ndi otambasuka ngati mbale, pamene a nyama ndi aatali ndi opyapyala. Fupa la nchafu ndilo lalitali koposa onse m'thupi la munthu. Ndi loonda poyerekeza ndi kutalika kwace, ndipo kumwamba kwace kuli mutu wobulungira wokhala pa khosi lopendekeka. La ng'ombe ndi lalifupi, lonenepa ndi lolemera. Pali fupa linanso limene likaoneka limathetsa cikaiko: la m'munsi mwa mwendo wa ng'ombe, mbuzi kapena gwape, limene limathera m'timitu tiwiri tonga timawilo, pamene ziboda ziwiri zimalumikizika. Munthu alibe fupa lotere. Nthiti za ng'ombe ndi zazikulu, zaphwatalala ndi zokhota pang'ono cabe, pamene za munthu ndi zoonda ndi zokhota kwambiri. Mafupa odulidwa bwinobwino ndi nkhwangwa kapena cikwanje m'zigawo zolowa mu mphika, opezeka padzala pamodzi ndi phulusa, kawirikawiri amakhala otsala pa ndiwo.

ZIMENE ZIMANYENGA MASO

Ngakhale zili conco, munthu asadzitame kuti wasanduka dokotala. Pali mafupa amene amasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Dzino lotafunira la nkhumba kapena la nguluwe, likakhala lokha ndi loperepeseka, limafanana kwambiri ndi la munthu. Zidutswa za cigoba ca fulu zimaoneka ngati zidutswa za cigaza. Timafupa ta m'dzanja la nyani timafanana ndi ta mwana.

Obvuta koposa ndi mafupa a ana. Khanda limabadwa ndi mafupa ambiri kuposa a munthu wamkulu, cifukwa ambiri amakhala asanalumikizike. Cigaza cace cimagawika m'zidutswa zopyapyala zonga cikho cosweka, ndipo timafupa ta m'manja ndi m'miyendo tingayesedwe ta kalulu kapena ta nkhuku. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, nati ndi kanyama cabe.

Maso sangathenso kunena zaka zimene fupa lakhala. N'zoona kuti fupa latsopano limakhala lolemera, lamafuta ndi lonunkha, pamene lakale limakhala louma ndi long'alukang'aluka. Koma dzuwa la cilimwe limayeretsa fupa msanga, katondo amalifiiritsa, dothi la kudambo limalidetsa, moto wa lupsa umalisintha mtundu, ndipo ciswe cimalidya. Fupa la caka catha lingaoneke ngati la makedzana. Nazonso nyama zimasokoneza: fisi amaphwanya mafupa ndi kuwakokera kutali, ndipo nungu amatutira mafupa kuuna kwace kuti aziwakukuta. Kupeza fupa limodzi la munthu pakhomo pa una kungatanthauze kuti ena onse ali capafupi. Lamulo labwino ndi ili: ngati mtima ukukaika, yesani kuti ndi la munthu kufikira wodziwa atanena. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

MANDA OIWALIKA

Mafupa ambiri a anthu opezeka m'minda si a mlandu ai, ndi a makolo. Midzi yathu siinakhale pamalo amodzi cikhalire. Kale mudzi unali kusamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikacuruka, ndipo bwinja linali kusanduka thengo. Kuyambira ca m'ma 1928 Boma la atsamunda linasamutsa midzi yambiri ya m'dera la Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, kuicotsa pa nthaka imene inali m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi kuiunjika m'malo ochedwa marizevu. Anthu anapita, manda anatsala. Lero anthu acuruka, ndipo makasu akulowa m'malo amene agogo athu anali kuwadziwa kuti sipalimidwa.

Acewa amasunga manda m'nkhalango imene mitengo yace siidulidwa, koma nkhalango ya mudzi umene unatha ilibe woilonda, ndipo ootcha makala saifunsa mbiri. Angoni akale anali kuika akuluakulu ao cokhala, pafupi ndi khola la ng'ombe, kotero kuti pamene panali khola zaka zana zapitazo pangakhale manda popanda cizindikiro ciriconse. Makanda opita padera anali kuikidwa ndi amai okhaokha pamalo apadera, m'dzenje losaya.

Zopezeka pambali zimathandiza kusiyanitsa. Mapale a miphika, mikanda yakale, makoza ndi zigwinjiri zimaloza ku manda a makedzana. Nsapato za pulasitiki, zipi, nsalu ya nailoni, thumba la feteleza kapena waya zimaloza ku imfa ya masiku ano. Nkhalamba za m'mudzi zingakumbukire amene anali kukhala pamalopo, ndipo mau ao ndi ofunika kwa apolisi. Komabe si mudzi umene umagamula kuti awa ndi manda akale, tingokwirira. Wakupha mnzace wocenjera amadziwanso kuti bwinja ndi malo abwino obisapo mtembo.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, lekani nchito pomwepo. Musakumbe kuti muone ngati alipo ena. Ngati khasu laturutsa kale fupa, lisiyeni pambali pa dzenje, musalitsuke kapena kulibwezera m'kati, ndipo mudzanene mmene zinacitikira.

Caciwiri, cokani potsata mapazi anu omwe munadzera, ndipo zindikirani malowo pomanga kansalu kapena udzu pa mtengo wapafupi. Ngati pali agalu kapena ziweto, zingani malowo ndi nthambi za minga mozungulira, osati pamwamba pa mafupa. Amene ali ndi foni yojambula angajambule ataimirira patali, koma zithunzizo ndi za apolisi, si zomwaza pa WhatsApp kapena Facebook. Pangakhale mai wina amene angaone malaya a mwana wace kwa nthawi yoyamba pa foni ya mnansi.

Cacitatu, kauzeni a nyakwawa tsiku lomwelo, ndipo pamodzi nao kadziwitseni apolisi amene ali pafupi. Ngati polisi ili kutali, mfumu ingatume kapaso, ndipo a kansala, aphunzitsi akulu a sukulu kapena anchito a pacipatala caching'ono angathandize kutumiza uthenga. Kuuza a nyakwawa ndi ulemu woyenera, koma nkhani isathere pabwalo lao. Imfa ya munthu yosadziwika cifukwa cace ndi nkhani ya Boma, ndipo majisitireti ndiye ali ndi mphamvu yolamula kuti ifufuzidwe, ngakhalenso kuti manda afukulidwe.

Cacinai, letsani khamu. Munthu mmodzi kapena awiri osankhidwa ndi a nyakwawa alonde malowo kufikira apolisi atafika. Ngati pambali pa mafupa pali zipolopolo kapena citsulo cosadziwika, musayandikire konse. Midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke inalawako nkhondo ya ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo cida ca nkhondo cokwiririka cingaphulike ngakhale citacita dzimbiri.

Cacisanu, phunzitsani ana. Abusa a ng'ombe ndi ana osaka mbewa ndiwo amayenda m'malo amene akulu safikako, ndipo ndiwo amayamba kuona. Mwana adziwe kuti akanena sadzakwapulidwa.

MANTHA AWIRI

Cimene cimatseka anthu pakamwa ndi mantha, ndipo manthawo ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi akuti wonena ndiye adzagwidwa. Coonadi ndi cakuti apolisi adzamfunsa mafunso ndi kulemba mau ace: anapeza liti, anali kucita ciani, anali ndi yani, anagwira ciani. Mwina adzaitanidwa kukhoti monga mboni. Izi zimatayitsa nthawi, koma kufunsidwa si kumangidwa. Amene amadziika m'mabvuto ndi uja amene anaona nakwirira, cifukwa mlandu suola. Mafupawo akadzaturukanso m'munda mwace patapita zaka, ana atanena kale kuti atate anawaona, adzayankha bwanji funso lakuti munabisiranji? Kupita ndi a nyakwawa kumathandiza pamenepa, popeza pamakhala mboni yakuti munthuyo ananena yekha ndiponso msanga.

Mantha aciwiri ndi a ufiti. Mafupa akapezeka, mphekesera zimathamanga kuposa njinga yopita ku polisi, ndipo kawirikawiri cala cimaloza nkhalamba yosauka imene ilibe woiteteza. Malamulo a dziko lino amaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo kumenya munthu kapena kutentha nyumba yace cifukwa ca mphekesera ndi mlandu waukulu. Mudzi umene unayamba ndi maliro amodzi usathere ndi awiri.

Tinenenso mosabisa za bodza lakuti mafupa a anthu amabweretsa cuma. Bodza limeneli lafukulitsa manda ndi kuphetsa abale athu acialubino, kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe. Fupa la munthu wacialubino silisiyana ndi la munthu wina aliyense, ndipo palibe fupa limene linalemeretsapo munthu. Wobwera kudzafunsa za kugula mafupa, kapena manda opezeka atafukulidwa, ndi nkhani yofunika kufika ku polisi tsiku lomwelo.

MAFUPA A NYAMA NAWO ALI NDI MALAMULO

Ngakhale zitadziwika kuti mafupa ndi a nyama, pali nthawi ziwiri pamene kunena kuli kofunika. Yoyamba ndi pamene nyama zafa zambiri pamalo amodzi kapena zafa mwadzidzidzi. Matenda a anthrax ndi odziwika bwino m'cigwa ca Luangwa. M'caka ca 1987 anapha mvuu zoposa 4,000 mu mtsinjewo. M'caka ca 2011 anthu oposa 500 anadwala m'boma la Chama atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha, ndipo asanu anamwalira. M'caka ca 2023 matendawa anabukanso, kuyambira ku Sinazongwe, nafalikira m'zigawo zambiri za dziko lino.

Tizirombo ta anthrax timakhala moyo m'dothi, m'zikopa ndi m'mafupa kwa zaka makumi ambiri. Nyama yofa ndi matendawa imatupa msanga, ndipo kawirikawiri imaturuka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Yotere siyenera kusendedwa, kudyedwa kapena kuyanikidwa, ndipo mafupa ace asatoledwe. Kauzeni alangizi a ziweto, amene adzalamula kuti itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya. Wogwira nyama yotere asambe ndi sopo, ndipo akaona cilonda cakuda pakati cosapweteka kwenikweni, athamangire kucipatala, pakuti mankhwala alipo ndipo amaciritsa munthu akafika msanga.

Nthawi yaciwiri ndi pamene mafupawo ndi a njobvu kapena nyama ina yotetezedwa. Mwa lamulo la nyama za kuthengo la 2015, minyanga ya njobvu yotoledwa kuthengo ndi katundu wa Boma, ngakhale njobvuyo inafa yokha. Woisunga m'nyumba popanda cilolezo angamangidwe, ndipo kunena kuti ndinangotola sikumpulumutsa. Isiyeni pomwepo ndi kukauza alonda a nyama za kuthengo, amene ambiri timawacha a gemu. Waya wa msampha kapena cigaza ca njobvu cotemedwa ndi nkhwangwa ndi umboni umene iwo amaufuna.

MAFUPA AMENE ANALEMBA MBIRI YA ZAMBIA

Pali mafupa ena amene si a mlandu ndipo alibe abale owalira, koma ndi cuma ca mtundu wonse. Nkhani ziwiri za m'dziko lathu zikusonyeza kusiyana kwa kusamala ndi kusasamala.

Pa 17 Juni 1921, m'mgodi wa mtobvu ndi zinki wa Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, mzungu wa ku Switzerland dzina lace Tom Zwiglaar, pamodzi ndi wanchito waciafirika amene dzina lace silinalembedwe, anapeza cigaza ca munthu wa makedzana, ca mphumi yotsetsereka ndi zikope za fupa zocindikala. Cigazaco cinatumizidwa ku London, kumene katswiri wina, Arthur Smith Woodward, anacicha Homo rhodesiensis. Koma nchito ya mgodi siinaime. Phanga limene cinapezekamo linakumbidwa lonse, mafupa ambiri a m'menemo anaponyedwa m'ng'anjo pamodzi ndi miyala ya mtobvu, ndipo palibe amene analemba bwino pamene fupa lirilonse linagona. Cifukwa ca ici, akatswiri anakangana pafupifupi zaka zana limodzi za msinkhu wa cigazaco, kufikira m'caka ca 2020 pamene mayeso atsopano anasonyeza kuti cili ndi zaka pafupifupi 300,000. Cigazaco cinasungidwa ku Natural History Museum ku London, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti cibwezedwe kwao.

Nkhani yaciwiri inayenda mosiyana. M'caka ca 1960 anchito okumba maziko a thanki ya madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza mafupa a anthu. Thankiyo inali ya Atonga amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba. Uthenga unafika kwa oyang'anira zinthu zakale, ndipo J. H. Chaplin, kenaka Brian Fagan, anakumba malowo mwa dongosolo. Anapeza anthu oikidwa ndi mikanda ya golide, makoza ndi mitanda ya mkuwa, mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja, ngakhale zidutswa za nsalu. Motero dziko linadziwa kuti zaka mazana angapo zapitazo, atsamunda asanafike, anthu a m'cigwa ca Zambezi anali kale pa malonda ofika kunyanja yamcere. Anchito aja akanagawana mikandayo ndi kukwirira mafupa, tsamba limeneli la mbiri yathu likanatayika.

Nako kuno ku Cigawo ca Kum'mawa kuli malo otere. Ca m'ma 1970 David Phillipson anakumba m'mapanga a Kalemba ku Chadiza, Makwe ku Katete ndi Thandwe kufupi ndi Chipata, napeza zida za miyala ndi mafupa a anthu amene anali kukhala m'menemo makolo athu olima ndi osula zitsulo asanafike. Ku Kalemba anthu anayamba kukhalako zaka zoposa 30,000 zapitazo. M'cigwa ca Luangwa mumapezekanso mafupa osanduka mwala, a zamoyo zimene zinaliko zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo, ndipo cimodzi mwa izo akatswiri anacicha dzina la mtsinjewo.

Zinthu zoterezi zimayang'aniridwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Lamulo limene linakhazikitsa bungweli m'caka ca 1989 linati manda, mabwinja ndi zina za anthu zimene zinalipo caka ca 1924 cisanafike ndi colowa ca dziko, ndipo linapatsa wozipeza masiku 14 kuti anene, ataimitsa nchito pamalopo. Mlimi sayenera kubvutika kufunafuna ofesi ya bungweli: apolisi kapena ofesi ya a DC adzafikitsa uthenga. Kugulitsa zinthu zoterezi kwa alendo kapena kuziturutsa kunja kwa dziko popanda cilolezo ndi mlandu.

ULEMU KWA OGONA

Mwambo wathu ndi lamulo la Boma sizitsutsana pa nkhani iyi. Mwambo umati wakufa sasewera naye, ndipo manda salowamo wamba. Lamulo limati wakufa aliyense adziwike dzina lace ndi cimene cinamupha. Apolisi akatsiriza nchito yao, ndipo zikadziwika kuti mafupawo ndi a makolo a pamalopo, mfumu ndi akulu a mudzi angapangane ndi a Boma za kuwaikanso mwaulemu monga mwa mwambo kapena cipembedzo cao, ndi kuika cizindikiro kuti khasu lisadzabwererenso pamenepo.

Tsono pamene tikulowa m'minda caka cino, nyumba iriyonse ikambirane nkhani iyi, akulu ndi ana omwe. Kutaya tsiku limodzi la kusosa ndi cinthu cowawa kwa mlimi, makamaka mitambo ikayamba kusonkhana. Koma kwina kwace kuli banja limene likali kufunsa apaulendo ngati anamuonako m'bale wao, ndipo yankho lao lingakhale pansi pa khasu lanu. Maliro n'kulirana. Mukapeza mafupa, asiyeni pomwepo, zingani malowo, ndipo kauzeni a nyakwawa ndi apolisi dzuwa lisanalowe.